Tsiku Limene Jamila Anakhoza

Lilian Kachingwe ankaphunzitsa Sitandade 5 pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Lifuwu, ndipo anali ndi lamulo limodzi lomwe ankalinyadira kwambiri. Nthawi ya phala ikakwana, mwana sankangodzuka n'kutuluka ayi. Ankaimirira kaye, n'kutchula mneni wa Chingerezi wa sabata imeneyo m'nthawi yomwe Madamu amufunsa, kaya yatsopano, yakale kapena yam'tsogolo. Ukakhoza, tenga kapu yako uzipita. Ukalakwa, khala pansi udikire anzako onse athe. Otsalirawo ankakapeza mumphika mwatsala zokokota, nthawi zina ngakhale zokokotazo osazipeza. Aphunzitsi anzake ankamuyamikira Lilian chifukwa ana ake ankaimba aneni ngati kwaya, ndipo iye mawu oyamikirawo ankawakonda, tisabise.

Amene ankakokota mphika pafupifupi tsiku lililonse anali Jamila, kamtsikana kowonda kovala mpango woyera ndi siketi yofika m'mapazi. Jamila anali wachibwibwi. Akaimirira, mawu ankamukakamira pakhosi, milomo n'kumangonjenjemera, anzake n'kuyamba kuseka chamumtima. Lilian sankadikira. Ankati chibwibwi chambiri ndi ulesi wa pakamwa, ndipo anamusamutsira kumzere wakumbuyo, pangodya penipeni, kuti asamachedwetse anzake.

Mayi ake a Jamila, a Karima, anali m'gulu la amayi ophika phala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi. Sabata yapitayo anabwera pakhomo pa kalasi atapukuta manja pachitenje.

"Madamu, mwana wanga ndimamuphikira ndine, koma amene amadya ndi ana a eni. Simungamuchitireko chisoni?"

"Amake Jamila, lamulo ndi la onse. Akadzakhoza adzatuluka ngati anzake."

A Karima anamuyang'ana kwa kanthawi, n'kubwerera ku mphika wawo.

Tsiku lomwe tikunenali kunali mwera wozizira, wa pambuyo pa kukolola mpunga. Mphepo yomweyo inali itasasula denga la chipinda chosungiramo katundu, ndiye matumba a mpunga ndi chimanga omwe makolo anasonkha anawasanja kumbuyo kwa Sitandade 5. Makoswe sanachedwe kumva uthenga, anasamukira momwemo ndi mabanja awo. Palibe amene anadzifunsa kuti nanga chomwe chimatsata makoswe n'chiyani.

Kalasiyo inali ndi khomo limodzi lokha, kutsogolo pafupi ndi bolodi, ndipo chitseko chake chinkatseguka theka chifukwa simenti yapansi inatupa. Mazenera anali a njerwa zoboola, moti ngakhale mphaka akanaganiza kawiri. Ana ankakhala pansi mothithikana, bondo pamsana pa mnzake. Chaka chapitacho wina atakuwa kuti "Njuchi!" onse anathamangira pakhomo lomwelo nthawi imodzi. Mwana wina anathyoka mkono, wina anakomoka atapondedwa pachifuwa. Lilian ndi amene anawazula pansi pa anzawo, ndipo zimenezo sanaziiwale.

Mneni wa sabata imeneyo unali "walk". Lilian anamaliza kuulemba pabolodi m'nthawi zake zonse, n'kutembenuka kuti ayambitse nyimbo ija ya masiku onse. Ana onse anali atayang'ana kwa iye. Iye yekha ndi amene anali atayang'ana kumbuyo kwawo.

Pakati pa matumba awiri apansi pankatuluka chinthu. Poyamba anayesa chiguduli. Kenako anaona kuti chigudulicho chikuyenda, molunjika, mosafulumira. Inali mphiri, yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, mutu wake wophwatalala. Inadutsa kampata kakang'ono ka pakati pa matumba ndi ana, n'kufika pomwe kadzuwa kolowera m'mabowo a zenera kankagwera. Pamenepo m'pomwe siketi ya Jamila inayalika pansi. Njokayo inakwera pansonga ya siketiyo, n'kudzipinda, n'kugona. Mutu wake unali pafupi ndi kapu yofiira ya Jamila.

Choko chinathyoka m'manja mwa Lilian. Iye anakulira ku Maganga, mphiri ankaidziwa. Njoka zina zikamva mtswatswa zimathawa, koma mphiri sithawa, imangokhala pomwepo kudikira phazi kapena dzanja. Malume ake anabwera kuchokera kuchipatala ndi mwendo umodzi chifukwa cha njoka yomweyi. Ndipo malumewo anali chimunthu chachikulu, osati kamwana kowonda chotere.

Mawu akuti "njoka" anafika pa lilime pake. Anawameza. Anaona m'maganizo mwake ana onsewo akudzuka nthawi imodzi, akumbuyo akupondana pamwamba pa mphiri, akutsogolo akufinyana pa chitseko cha theka. Anachita mantha kwambiri moti anamva thukuta likutsika m'khwapa ngakhale kunali kozizira.

"Manja pamutu, nonse!" anatero. Mawu ake anatuluka opyapyala, achilendo. Anatsokomola n'kubwereza. "Manja pamutu! Maso kwa ine! Lero tituluka msanga. Makapu asiyeni pomwe ali. Wogwira kapu, phala palibe."

"Aaa, Madamu, nanga tikadyera m'manja?" anadandaula Prince, mnyamata wa mzere wachiwiri yemwe pakamwa sipankatsekeka.

"Wolankhula, wotembenuka, akhala muno mpaka belu lomaliza."

Munali zii. Apa ndiye ukali wake uja unamugwirira ntchito, chifukwa anawo ankamuopa iye kuposa chilichonse chomwe chikanakhala kumbuyo kwawo. Manja onse anakwera pamitu. Nawo manja a Jamila anachoka pansi, n'kukakhala pampango. Lilian anapumako pang'ono.

Akumbuyo sakanatuluka akutsogolo asanachoke, njira inalibe. Anayenera kuyambira kutsogolo ngati masiku onse, ndipo zonse zinayenera kuoneka ngati masiku onse.

"Ella. Yatsopano."

"I walk."

"Pita. Osathamanga. Chrispin, yakale."

"I walked."

"Pita. Gladys, yam'tsogolo."

Ankafunsa koma mayankho sankawamva bwinobwino. Diso limodzi linali pa mwana woimirira, linalo pa kachidutswa ka siketi kaja. Mzere woyamba unatha. Wachiwiri unayamba.

"Prince, yam'tsogolo."

"I will walked."

"Wakhoza. Pita."

Prince anali atayamba kale kupinda mawondo kuti akhale pansi, poti iye mwini anamva kuti zamutuluka zokhota. Anaima chiimire, kukamwa yasa. Kenako anaona kuti mwayi wotere sufunsidwa kawiri, n'kutuluka akumwetulira. Latif, wotsatira wake, anayesa dala kuti aone ngati Madamu adwala.

"He walkings."

"Wakhoza."

Kalasi yonse inaphulika ndi chiseko. Matupi anagwedezeka, mapazi anasuntha, wina anamenya pansi ndi chidendene. Kumbuyo kuja mphiri inabweza mutu wake, thupi lake n'kufufuma. Lilian anaona zonsezo.

"Chete!" Sanakuwe. Ananena motsitsa, mano atalumana, ndipo kutsitsako n'komwe kunawaopsa kwambiri ana. Chiseko chinaduka. Patapita kanthawi njoka ija inatsitsanso mutu.

Anaona kuti mmodzimmodzi achedwa. Anayamba kudzutsa mzere wathunthu, onse n'kunena pamodzi, "We are walking," n'kutuluka mondondozana manja ali pamutu. Mzere wina, "They have walked." Wina, "She walks." Mumtima ankangoti Yesu wanga, Yesu wanga, igone, isadzuke. Nthawi iliyonse mwana akadzandira podzuka, Lilian ankayang'ana msanga kungodya kuja. Kalasi inayamba kuoneka simenti, makapu okhaokha ali mbwee pansi.

Panatsala mizere iwiri pamene chinachitika chinthu chomwe sichinachitikepo chiyambire chaka. Dzanja limodzi linachoka pamutu n'kukwera m'mwamba, kungodya kuja.

"Madamu, ine."

Anali Jamila. Jamila yemwe ankabisala kumbuyo kwa misana ya anzake kuti asaonedwe, lero ankapempha yekha. Nkhope yake inali yowala, ndipo anali atayamba kukoka miyendo kuti adzuke. Siketi inasuntha pang'ono. Mphiri inasunthanso nayo.

"Khala!" Lilian anakuwa mosaganiza. "Usadzuke!"

Jamila anauma pomwepo. Koma zomwe anabwera nazo zinali zitafika kale pakamwa, ndipo sanafune kuti zibwerere. Ali chikhalire, anatseka maso, n'kuyamba kugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati akuwerenga mapazi ake panjira.

"I walk. I walked. I will walk. I am walking. I have walked."

Mawu onse anatuluka osalala, osakodwa paliponse. Lilian anazindikira kuti mwanayu wakhala akuyeserera sabata yonse, mwina m'mawa uliwonse podutsa m'mizere ya minda ya mpunga, liwu limodzi phazi limodzi. Jamila anatsegula maso, n'kumuyang'ana mphunzitsi wake, akudikira mawu amodzi okha omwe anali asanawamvepo, akuti "wakhoza". Lilian anadziwanso chomwe chikanatsatira mawuwo. Mwanayo akanadumpha ndi chimwemwe, akanakoka siketi, ndipo dzanja likanapita lokha pa kapu yofiira monga linazolowera.

"Walakwa," anatero Lilian. "Bweza dzanja pamutu. Ukhale pomwepo, usasunthe ngakhale chala."

"Aaa, Madamu, wakhozatu!" anatero Happy, mtsikana wokhala pafupi ndi Jamila.

"Ndakufunsa iwe? Imirira. Pang'onopang'ono, ngati wasenza ndowa yodzaza. Bwera kuno. Nonse otsala, mmodzimmodzi, maso kwa ine."

Sanawafunsenso mneni. Anatuluka akumuyang'ana ndi maso oipa, ndipo Happy podutsa anatsonya. Tsiku lina akanagwada panja mpaka masana, koma lero Lilian sanamve n'komwe. Maso ake anali pa Jamila. Kuwala kuja kunali kutazima pankhope ya mwanayo. Sanalire mokweza, misozi inkangotsika, koma mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo kugwedezekako kunkatsika ndi msana mpaka pa siketi. Lilian anamva chisoni ndi mantha nthawi imodzi.

M'kalasi munatsala anthu awiri ndi njoka. Lilian anayang'ana uku ndi uku. Analibe ndodo, analibe khasu, anali ndi kachidutswa ka choko basi. Akanatuluka kukaitana anthu, mwanayo akanatembenuka kapena kupukuta misozi, n'kugwetsa dzanja pansi. Akanakuwa, sukulu yonse ikanathamangira pakhomo.

Ali m'maganizo amenewo, chitseko chinakankhidwa mwamphamvu. Anali a Karima, mthiko wa phala uli m'manja, uja wautali ngati nkhafi, phala likudontha. Ana anali atawauza kale kuti Jamila wakhoza zonse koma Madamu amukaniza, pomwe a "walkings" atuluka.

"Madamu, lero mundiuze! Mwana wanga anakulakwirani chiyani? Wallahi, ine ndatopa nazo..."

Lilian anawagwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa. Anayandikitsa pakamwa pake kukhutu kwawo.

"Amake Jamila, chonde musakuwe. Yang'anani pa siketi yake, kumanzere, pafupi ndi kapu."

A Karima anayang'ana. Mkono womwe Lilian anaugwira uja unalimba gwa.

"Ya Allah," ananong'ona. "Ya Allah, mwana wanga."

"Amayi," anatero Jamila ataona mayi ake, mawu akuduka ndi kulira, "ndi-ndi-ndinakhoza..." Ndipo anayamba kutsitsa manja.

"Mvera Madamu!" anatero a Karima, mawu awo ali olimba ngati palibe chachitika. "Manja pamutu. Usandiyang'ane ine." Kenako ananong'oneza Lilian. "Pitani kutsogolo kwake, mumulankhule asatembenuke. Ine ndidutsa m'mbali mwa khoma. Ndikati kokani, mukoke ndi mphamvu zonse."

Kuchokera pabolodi kukafika pangodya si patali, koma Lilian anaona ngati akuyenda m'matope a m'munda wa mpunga. Ankaponda mosamala pakati pa makapu kuti lina lisagubuduke. Chilichonse m'thupi mwake chinkamuuza kuti abwerere. Atafika anagwada pamaso pa Jamila, ndipo apa mphiri anaiona bwinobwino, mawanga ake achikasu ndi akuda, kadiso kake kosaphethira. Inali pafupi moti bondo lake lomwe likanafikiridwa. Anamva mpweya wa njokayo ukutuluka mokoka, fuuu, ngati tayala la njinga lomwe labooka.

Analowetsa manja ake m'khwapa mwa mwanayo, modekha.

"Ndiyang'ane m'maso, Jamila. Nenanso. Yatsopano."

Jamila anayang'ana nkhope ya munthu amene wangomunamiza kumene, ili pafupi ndi yake, yonyowa ndi thukuta.

"I w-w-w..."

Zinakana. Kusalala konse kuja kunali kutapita. Milomo inanjenjemera, khosi linakoka, ndipo mutu unayamba kupendekera kumbali monga ankachitira akamalimbana ndi liwu. Kumbali komweko n'komwe kunali njoka.

"Kuno, kuno, kwa ine. Tinene tonse. I walk."

"I w-walk."

"I walked."

Pakona ya diso lake Lilian ankaona mapazi a a Karima opanda nsapato akusendera m'mbali mwa khoma, phazi limodzi, kuima, phazi lina. Mthiko unakwera m'mwamba pang'onopang'ono. Dontho la phala linagwa pansi, thapu. Mphiri inadzutsa mutu n'kuupinda chambuyo.

"I will walk," anatero Lilian, mawu akuuma. "Nena, mwanawe, nena."

"I w-will..."

"Bismillah! Kokani!"

Mthiko unatsika pakhosi pa njoka. Lilian anadziponya chagada atamukumbatira mwanayo. Siketi inang'ambika, kwee, onse awiri n'kugwera pamakapu. Anamva chinthu chikumenya mtengo wa mthiko uja, kho, kho, ndi chithupi cholemera chikudzikwapula pasimenti. Sanayang'ane. Anadzuka, n'kumunyamula Jamila ngati khanda, n'kuthamanga naye mpaka panja.

Apo m'pomwe anakuwa mawu aja anawameza kalekale. A Pitala, mphunzitsi wamkulu, anabwera akuthamanga ndi khasu la m'dimba la sukulu, ndipo anakawapeza a Karima atakanikizabe mthiko ndi thupi lawo lonse, akulira ndi kupemphera nthawi imodzi. Anaimaliza njokayo ndi khasulo. Atatuluka nayo ili lendee pa mpini, ana omwe anatuluka mwadongosolo lokoma aja anabalalika ndi mfuu, ena mpaka kumsewu.

A Karima anagwetsa mthiko n'kumugwira mwana wawo. Anamufufuza miyendo, akakolo, manja, zala chimodzichimodzi, n'kubwerezanso. Panalibe bala.

"Alhamdulillah. Alhamdulillah," anatero akuthokoza Mulungu.

Lilian sanathe kufika pansi pa mtengo wa mango uja. Anangokhala pansi pafumbi pafupi ndi khonde, diresi lake labwino lili mbuu. Nsagwada zinkagundana ngati wagwidwa ndi malungo. Aphunzitsi anzake anamuzungulira, wina akumupatsa madzi, wina akunena kuti Madamu ndi olimba mtima, koma iye sankamva kulimba mtima kulikonse. Ankangoona mutu wophwatalala uja pafupi ndi kapu, ndi ngodya yomwe iye mwini anamukhazikapo mwanayo.

Kenako anthu anapatuka pang'ono. Jamila anali ataima patsogolo pake, atagwira siketi yong'ambika ndi dzanja limodzi. Njoka anali ataiona, anali atamva zonse zomwe anthu ankanena. Koma nkhope yake inkaonetsa kuti pali china chomwe sichinathe, chomwe kwa iye chinali chachikulu kuposa mphiri.

"Madamu," anatero motsitsa, "ndi-ndinalakwa pati?"

Lilian anatsegula pakamwa kuti ayankhe msanga, pamaso pa onse, mokweza. Nsagwada zinakana. Liwu linakakamira pakhosi, milomo n'kumangonjenjemera.

"Su... su-su..."

Anayesanso, misozi ikutsika. Ana ena omwe anali atabwerera anayamba kuyang'anana. Jamila sanaseke, sanayang'ane kumbali, sanamumalizire mawuwo. Anangoima pomwepo n'kumudikira mphunzitsi wake mpaka liwu lonse litatuluka.

"Sunalakwe."